Mmene mungapangire makina oumbira pulasitiki pogwiritsa ntchito uvuni ndi huva

Chiyambire pamene ndinayamba kugulitsa zikombole za sopo ndi za chokoleti kwa amayi a kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, sipatha mlungu osabwera munthu wondifunsa kumene ndinagula makina oumbira zinthuzi. Ndikayankha kuti ndinachita kukhoma ndekha ndi zidutswa za matabwa, ambiri amayesa ndikuwabisira. Ena amabwera kudzaona, najambula bokosi la makinawo pa foni, koma pakapita milungu iwiri amabweranso atanyamula pulasitiki yopserera kapena yamakwinya, ndi kunena kuti makina awo akukana. Pafupifupi nthawi zonse bokosi lawo limakhala labwinobwino, ndipo chimene chawagonjetsa ndi katenthetsedwe ka pulasitiki. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba zonse kamodzi, kuti amene adzafunsenso ndizingomutumizira malangizo awa.

Njira imeneyi amalonda amaitchula kuti vacuum forming, ndipo dzinali muyenera kulidziwa chifukwa ndi limene mudzanene pogula zipangizo. Mumatenthetsa pepala la pulasitiki mpaka lifewe ngati chikopa chonyowa, mumalivindikira pa chikombole, kenako mumachotsa mpweya umene uli pansi pake. M'kati mwa filiji yanu ndiponso timakapu ta yogati amaziumba motere kufakitale. Dziwani kuti chimene chimaumba pulasitikiyo si huva (makina aja opopera fumbi m'nyumba, amene ife timachotsera mpweyawo), koma mpweya wa m'chipindamo umene umapanikiza pepalalo kuchokera pamwamba, pamene pansi pake mpweya wachepa. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umapanikiza ndi mphamvu pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. Mzinda wa Harare uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kotero kuti kuno mphamvuyo imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Huva yapanyumba imachotsa gawo laling'ono chabe la mpweyawo, pafupifupi limodzi mwa magawo asanu. Izi zikutanthauza kuti ife tilibe mphamvu yoti tiziitaya kudzera m'ming'alu ya bokosi, ndipo pepala lathu liyenera kufewa mokwanira lisanafike pa chikombole.

1. Yezani uvuni musanadule thabwa lililonse

Kukula kwa makina onse kumachokera ku uvuni, chifukwa felemu yogwira pulasitiki iyenera kulowamo chitseko n'kutsekeka. Yezani m'lifupi ndi kuya kwa m'kati mwake, ndipo chotsanipo masentimita 2 mbali iliyonse kuti manja ovala magolovesi apeze pogwira. Mu uvuni wanga mumalowa felemu ya masentimita 38 ndi 33, ndipo manambala onse amene nditchule m'munsimu achokera pamenepo. Inu muwasinthe molingana ndi uvuni wanu.

Uvuniwo ukhale wamagetsi, ndipo ngati n'kotheka usakhale umene amayi amaphikiramo. Pulasitiki yotentha imasiya fungo, ndipo ikagwera pansi pa uvuni imakanirira. Sitovu yakale imene mapuleti ake anafa koma uvuni wake ukugwira ntchito ndi yokwanira. Uvuni wa gasi, umene ambiri tinagula chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, sindikuulimbikitsa: lawi lake limatentha mbali imodzi, ndipo pulasitiki imene tigwiritse ntchito imayaka ikakhudzana ndi moto. Za mbaula ya makala musaziganizire n'komwe.

2. Sonkhanitsani zipangizo

Mufunika thabwa la supawood la mamilimita 12 kapena 16. Supawood ndi thabwa lija losalala lopangidwa ndi utuchi wopanikiza, limene m'mabuku amalitchula kuti MDF. Zidutswa zotsala zimapezeka kwa akalipentala a ku Glen View Area 8, ndipo makina athu safuna thabwa lathunthu. Mufunikanso guluu wa matabwa, masikuluu, silikoni, sandipepa, lamba wa siponji womatira m'mphepete mwa zitseko, mabawuti anayi kapena asanu ndi limodzi okhala ndi manati a mapiko omanga ndi zala, dirilo ndi kaboolero ka mamilimita 3. Zambiri mwa izi mungazipeze ku Siyaso ku Mbare kapena ku Gazaland ku Highfield. Magolovesi akhale achikopa ngati a owotcherera zitsulo, osati a ulusi wa nayiloni, umene umasungunuka ndi kumatirira pakhungu.

Huva, kunena makina opopera fumbi m'nyumba, ikhale yokoka bwino. Pogula yakale, iyatseni ndi kutseka kukamwa kwa paipi ndi chikhatho. Ngati chikhathocho chikuchoka mosavuta, isiyeni.

3. Khomani bokosi

Bokosi ndi lathyathyathya, lotsekeka mbali zonse, lokhala ndi timabowo pamwamba ndi bowo limodzi lalikulu pansi lolowetsamo paipi ya huva. Pamwamba pake payenera kuchepa pang'ono poyerekeza ndi m'kati mwa felemu, kuti felemu ikamatsika izilizungulira bokosilo, ndipo pulasitiki izikokeka m'mphepete ndi kutseka yokha mpweya. Felemu yanga m'kati mwake ndi masentimita 32 ndi 27, choncho bokosi ndi masentimita 31 ndi 26.

Dulani matabwa awiri a muyeso umenewu, lapamwamba ndi lapansi, ndiponso timatabwa ta m'mbali totalika masentimita 4. Anthu ambiri amakonda kukhoma bokosi lakuya poganiza kuti likhala lamphamvu, koma zimenezo ndi zolakwika, chifukwa mpweya wonse umene uli m'bokosimo huva iyenera kuyamba yauchotsa isanayambe kukoka pulasitiki, ndipo pepala limakhala likuzizira nthawi imeneyo.

Pa thabwa lapamwamba jambulani mizere yotalikirana masentimita 2.5 mbali zonse ziwiri, kusiya pafupifupi sentimita imodzi ndi theka m'mphepete popanda bowo. Boolani paliponse pamene mizere yadutsana. Mupeza timabowo 120, mizere 12 ndi 10. Nambala imeneyi sinangobwera: timabowo 120 ta mamilimita 3 tikaphatikizana timafanana kukula ndi kukamwa kwa paipi ya mamilimita 32, kotero kuti thabwalo silikutsamwitsa huva. Mukatha kuboola, palani mbali zonse ndi sandipepa.

M'kati mwa bokosi ikani timizati tinayi ta thabwa, totalika mofanana ndi m'mbali, pamalo amene sitikutseka timabowo. Musanyozere zimenezi. Pamwamba pa bokosili pali masikweya sentimita oposa 800, ndipo huva yabwino ikakoka, thabwalo limasenza kulemera koposa makilogalamu 100, ngati kuti matumba awiri a simenti aikidwapo. Popanda timizati thabwa limapindika, guluu amang'ambika m'mphepete, ndipo mpweya umayamba kulowa pamene simukuona.

Pakati pa thabwa lapansi boolani bowo lolowa paipi ya huva yanu mothina. Mapaipi ambiri ndi a mamilimita 32 kapena 35, koma yezani yanu. Lumikizani zonse ndi guluu ndi masikuluu, ndipo musanatseke thabwa lomaliza, pakani silikoni m'ngodya zonse za m'kati. Supawood imalowetsa mpweya m'mphepete mmene mwadula, choncho pakani vanishi kapena guluu wosungunula ndi madzi pang'ono kunja konse. Khomerani miyendo iwiri pansi kuti paipi ipeze podutsa, ndipo matani lamba wa siponji kuzungulira m'mphepete mwa pamwamba. Potsiriza khomani timatabwa tiwiri m'mbali mwa bokosi, pamalo oti felemu iziima pamene pulasitiki yatsika sentimita imodzi ndi theka kupitirira pamwamba pa bokosi.

4. Pangani felemu

Mafelemu ndi awiri ofanana, amene amapana pepala la pulasitiki pakati pawo. Abwino kwambiri ndi a aluminiyamu, ndipo zidutswa zake mungapemphe kwa opanga mawindo. Thabwa lolimba ngati mlombwa, umene anzathu Achishona amautchula kuti mukwa, limagwiranso ntchito, ngakhale limada pang'onopang'ono ndi kutentha. Paini musagwiritse ntchito chifukwa amatulutsa utomoni akatentha. Boolani mafelemu onse awiri pamodzi kuti mabowo a mabawuti agwirizane, ndipo pa nkhope imene ikhudze pulasitiki matanipo timizere ta sandipepa kuti pepala lisapulumuke likafewa. Mbali zonse zinayi ziyenera kupanidwa mofanana. Mbali imodzi ikakhala yolekerera, pepala limasolokako pamene mukulikanikiza pa chikombole, ndipo mpweya wonse umalowera pomwepo.

5. Yesani bokosi musanaononge pulasitiki

Khuthulani fumbi la mu huva ndi kuyeretsa sefa yake. Yalani jumbo pamwamba pa bokosi ndi kuyatsa huva. Jumboyo iyenera kumatirira nthawi yomweyo, timabowo tonse n'kuoneka, ndipo kulira kwa huva kuyenera kukwera ngati mmene kumachitira paipi ikatsekeka. Ngati sikukwera, yendetsani chala chonyowa m'mphepete mwa bokosi ndi pozungulira paipi mpaka mumve pamene pakuzizira, ndipo matanipo silikoni. Huva isalire yotsekeka motere kupitirira masekondi 20, chifukwa injini ya mahuva ambiri imaziziritsidwa ndi mpweya womwewo umene mwautsekereza.

6. Sankhani pulasitiki yoyenera

Si pulasitiki iliyonse imene imaumbika. Yambani ndi HIPS, yoyera ija yosaonekera mkati, yochindikala milimita imodzi kapena 1.5. Imafewa bwino pa madigiri 150 mpaka 175, siifuna kuyanika, ndipo ndi yokhululuka kwa wophunzira. Imapezeka kwa ogulitsa zipangizo za zikwangwani, ndipo oterowo afuneni kumadera a mafakitale monga Graniteside ndi Msasa; olemba zikwangwani nawonso amakhala ndi zidutswa zotsala. PETG ndi yoonekera ngati galasi, imafewa pa kutentha kotsikirapo, pafupifupi madigiri 130 mpaka 160, ndipo ndi imene ndimaumbira zikombole za chokoleti, koma pogula muzifunsa ngati ndi yololedwa kukhudza chakudya. ABS ndi yolimba, yabwino pa zovindikira makina, koma imamwa chinyezi cha mu mpweya, ndipo mukaitenthetsa osaiyanika imatuluka matuza. Iyanikeni mu uvuni pa madigiri 80 kwa maola angapo, makamaka m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi.

Perspex, pulasitiki yolimba ija yooneka ngati galasi, imafewa koma siilowa bwino m'makona ndi mphamvu ya huva yokha. PVC, imene chizindikiro chake ndi nambala 3 m'kati mwa timivi titatu, muipewe, chifukwa ikapsa imatulutsa utsi wa asidi woononga maso ndi mapapo. Pulasitiki imene simukuidziwa mtundu wake, ngakhale mwaitola yaulere, isalowe mu uvuni. Kaylite, yoyera yopepuka ija imene amatetezera katundu m'makatoni, nayonso ili ndi nambala 6 ngati HIPS, koma ndi thovu chabe; siiumbika, ndipo mukasemera chikombole imafota pepala lotentha likangoikhudza.

Dulani pepala molingana ndi kunja kwa felemu, chotsani kapepala kopyapyala koteteza kamene kamamatidwa pamwamba pake, ndipo lipukuteni fumbi.

7. Konzani chikombole

Tikanena chikombole timaganiza za choumbira njerwa, chimene dothi limalowa m'kati. Pa ntchito iyi kawirikawiri chimakhala chotukuka, ndipo pulasitiki imachivala pamwamba ngati chipewa. Mungachiseme kuchokera ku thabwa kapena supawood, kapena kuchiumba ndi pulasitala yoyera ya ufa ija imene achipatala amamangira mafupa othyoka.

Lamulo lalikulu muliphunzire ku ndowa. Ndowa zimalowana ndi kutulukana mosavuta chifukwa m'mbali mwake ndi mopendekeka. Chikombole chanu chikhale chachikulu pansi, chocheperako pamwamba, chopendekeka madigiri 3 mpaka 5, kapena kuti pafupifupi mamilimita 3 kapena 4 pa masentimita 5 alionse a kutalika. Pulasitiki imafota pang'ono ikamazizira, kotero kuti chikombole chowongoka ngati njerwa chimagwidwa zolimba. Chinthu chooneka ngati mtsuko, chamimba yaikulu ndi tsinde laling'ono, sichituluka mpaka mutang'amba pulasitikiyo. Makona akuthwa muwapale akhale obulungira. Kutalika kwa chikombole kusapose m'lifupi mwake, chifukwa pepala silionjezeka, limangotambasuka, ndipo pamene latambasuka kwambiri limapyapyala ngati jumbo.

Paliponse pamene pali dzenje pa chikombole, monga m'kati mwa chilembo O kapena pakati pa masamba a duwa, boolani kabowo ka milimita imodzi kotulukira pansi, apo ayi mpweya umatsekeredwa mmenemo ndipo pulasitiki imangodutsa pamwamba. Chikombolecho chisakhale mwachindunji pa bokosi: ikani pansi pake mawashala kapena ndalama zachitsulo kuti chikwere milimita imodzi kapena awiri, mpweya uzidutsa pansi. Mukaika zikombole zingapo pamodzi, zitalikirane mpata woposa kutalika kwake.

Chikombole cha pulasitala chiume kotheratu. Ine ndinathamangira ndi changa choyamba patangopita tsiku limodzi, ndipo nthunzi yochokera m'kati mwake inasiya timatuza pa pepala lonse. Chiyanikeni padzuwa masiku angapo mpaka chisiye kuzizira mukachigwira.

8. Tenthetsani pepala

Apa ndi pamene ntchito yonse yagona, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangonena kuti tenthetsani mpaka lifewe, ngati kuti kufewa ndi kumodzi.

Yambani ndi kukonza zonse uvuni usanatenthe. Bokosi likhale pa tebulo pafupi ndi uvuni, mtunda woti mungotembenuka osaponya phazi kawiri. Chikombole chikhale kale pamalo pake, paipi yolowetsa, ndi switchi ya huva poti phazi lanu kapena mnzanu aifikire. Uvuni ndi huva zisakhale pa chingwe chimodzi chowonjezera: pulagi ya maampu 13 imanyamula pafupifupi mawati 3,000, ndipo ziwirizi pamodzi zimatha kupitirira pamenepo. Inveta yaing'ono ya sola siingayendetse uvuni, choncho ntchitoyi muziipangira nthawi imene magetsi alipo. Tsegulani mawindo, koma mphepo isamawombe pa tebulo. Chotsani utuchi ndi zidutswa za matabwa pafupi, ndipo pakhale chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga. Tonse tikudziwa mmene moto wasakazira malo a akalipentala ku Glen View kangapo konse.

Mu uvuni, felemu ikhale pakati, yogona pa njanji za m'mbali kapena pa zidutswa zinayi za njerwa zoikidwa m'makona, ndipo pansi pa pepala pakhale mpata wa masentimita osachepera 10 wopanda kanthu. Pansi penipeni ikani thireyi yoyalapo foyilo. Nthawi yanga yoyamba ndinasiya shelefu ya mawaya pansi pa felemu, pepala linatsika n'kukhala pa mawayawo, ndipo ndinatha madzulo onse ndikupala ndi mpeni, utsi uli tolo m'nyumba.

Yatsani uvuni pa madigiri 165 ngati ndi HIPS, ndipo udikireni mphindi 15 musanaikemo kanthu. Nambala imene ili pa chopotokola musaikhulupirire, makamaka pa sitovu yakale. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa mu uvuni ndi kukaika m'kati. Musayatse gilili ya pamwamba, chifukwa imapsereza nkhope ya pepala m'kati mwake musanafewe.

Mukaikamo felemu, musachoke. Yang'anani pa galasi la chitseko, ndi tochi ngati nyale ya uvuni inafa, ndipo muona pepala likudutsa m'magawo atatu. Poyamba limachita mafunde, kutukuka apa ndi kulowa apo, ngati malata akale. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amachita mantha nalitulutsa, poganiza kuti laonongeka, koma limakhala lisanayambe n'komwe kufewa. Langofutukuka ndi kutentha pamene felemu ikulikaniza. Kachiwiri mafunde aja amatha, pepala limawongoka ndi kukungika ngati chikopa cha ng'oma, ndipo nkhope yake imayamba kunyezimira. Apanso silinafike. Kachitatu pakati pake pamayamba kutsika pang'onopang'ono, n'kupanga mimba yosalala yolendewera. Pa felemu ya muyeso wangawu, ndimatulutsa mimbayo ikatsika masentimita 2 mpaka 3. Chikombole chikakhala chachitali ndimadikira kuti itsike pang'ono kuposa pamenepo. Chikakhala chachifupi ndimatulutsa msanga, chifukwa pulasitiki yotambasuka kwambiri imasowa kopita ndipo imapindana.

Kuchokera pamene mimba yayamba kufika pamene pepala laonongeka pamadutsa masekondi owerengeka, ndipo likamatentha kutsikako kumafulumira. Pofuna kuti diso lisakunyengeni, imikani chidutswa cha njerwa pambali m'kati mwa uvuni chokhala ndi mzere wa choko pa mlingo umene mukufuna, kuti muziyerekeza ndi mzerewo poyang'ana pa galasi. Pepala la milimita imodzi limatenga mphindi zochepa chabe, koma nambala yeniyeni ndi ya uvuni wanu, osati wanga. Choncho dulani mapepala atatu oti muwaononge mwadala. Loyamba litulutseni mimba ikangoyamba, lachiwiri pa masentimita 2, lachitatu pa masentimita 4, ndipo onse muwaumbe pa chikombole chimodzi. Lembani pa lililonse ndi cholembera nthawi imene linakhala mu uvuni ndi madigiri ake. Mapepala atatuwo akuphunzitsani zimene ine sindingathe kukuuzani, ndipo muwasunge pakhoma.

Yang'ananinso maonekedwe a mimbayo. Ngati yatsikira mbali imodzi, uvuni wanu ukutentha kwambiri mbali imeneyo, kawirikawiri kumbuyo, ndipo muzitembenuza felemu mofulumira pamene pepala lafika pa gawo lachiwiri. M'mphepete mwa pepala nthawi zonse mumatsalira, chifukwa felemu imamwa kutentha. Izi zimavuta kwambiri chifukwa m'mphepetemo ndi mmene muyenera kutseka mpweya pa bokosi. Mankhwala ake ndi kutenthetsa felemu yokha mu uvuni kwa mphindi zingapo musanapanemo pepala loyamba, ndiponso kutsitsa kutentha pang'ono kuti pepala likhalitse m'malo mokweza kuti lifulumire. Pepala lochindikala mamilimita 2 kapena 3 limafuna kutentha kofatsa kwa nthawi yaitali, ndipo ndi bwino kulitembenuza kamodzi lisanayambe kutsika, kuti m'kati mwake mufewe pamodzi ndi kunja.

Mukaona utsi, kapena pepala loyera layamba chikasu, mwapitirira. Zimitsani uvuni, tulutsani felemu panja, ndipo musapume utsiwo. PETG ikatenthedwa mopitirira imatsika mofulumira kuposa HIPS, choncho pamene mwasintha mtundu wa pulasitiki, bwerezani mayeso a mapepala atatu aja.

Nyengo nayo imalowererapo. M'mawa wa mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira kwambiri, ndipo chikombole chozizira chimaumitsa pulasitiki pamene yangochikhudza, isanalowe m'makona. Chiikeni pamwamba pa sitovu kapena padzuwa kuti chifunde, chikhale chotentha moti n'kugwirika ndi dzanja.

9. Samutsani ndi kuumba

Pepala lopyapyala limayamba kuuma patangopita masekondi ochepa lituluke mu uvuni, choncho kayendedwe aka muyambe mwakayeseza ndi felemu yozizira mpaka manja azolowere. Valani magolovesi. Yatsani huva musanatsegule chitseko, kuti ikhale itafika kale pa mphamvu yake. Tulutsani felemu ili chogona, itengereni pamwamba pa bokosi, iimikeni pakati pa chikombole, ndipo itsitseni mowongoka ndi manja onse awiri mpaka igunde timatabwa toimitsa tija. Musaitsitse mopendekeka, ndipo musaime panjira. Zikayenda bwino mumva kulira kwa huva kukukwera, ndipo pepala limakumbatira chikombole m'kuphethira kwa diso.

Pitirizani kukanikiza felemu masekondi 10 mpaka 15. Ngati pali kona imene sinalowe, ikanikizeni ndi chala cha golovesi nthawi yomweyo pepala likadali lofewa. Kenako zimitsani huva.

10. Chotsani chikombole ndi kudula

Chotsani chikombole pulasitiki itauma koma ikadali yofunda, isanafote kotheratu. Tembenuzani felemu ndi kugogoda pang'ono, kapena pindani pepala mbali ndi mbali. Kuwaza paudala ya ana pang'ono pa chikombole musanaumbe kumathandiza, kupatula pa zinthu zokhudza chakudya, zimene muyenera kuzitsuka bwino mukatha. HIPS imadulika mosavuta: lembani mzere ndi mpeni wakuthwa kawiri kapena katatu, pindani, ndipo imathyoka pamzerepo. Mpeni uziyenda mochoka kwa inu.

Chimene mwaumba chikuuzani chimene chalakwika. Ngati makona ali obulungira ndipo maonekedwe sakutuluka bwino, pepala linali lisanafewe, kapena munachedwa panjira, kapena mpweya ukulowa penapake. Bwererani ku jumbo ija musanakweze kutentha. Ngati m'makona mwatuluka makwinya oimirira ngati khungu la pakati pa zala za bakha, pepala linatsika kwambiri, kapena zikombole zayandikana, kapena makona ake ndi akuthwa. Tulutsani msanga, kapena kwezani chikombole pa kathabwa kopendekeka m'mbali kuti makwinyawo agwere pansi pa mzere umene mudule. Ngati pepala laboola pamwamba pa kona, chikombole ndi chachitali kuposa chimene pepalalo lingathe, ndipo mufunika lochindikala. Tizithuza tating'ono tosaboola ndi fumbi kapena utuchi umene unali pa chikombole.

Huva imakwanira pa mapepala a milimita imodzi mpaka awiri. Amene akufuna kuumba zochindikala, monga zikombole za njerwa zoyala pabwalo, afunika pampu yokoka mpweya ndi thanki. Kompulesa ya filiji yakale imakoka mwamphamvu kuposa huva koma pang'onopang'ono, choncho imayamba yachotsa mpweya m'thanki, ndipo inu mumatsegula vavu yaikulu pamene felemu yatsika. Thankiyo ikhale ya chitsulo chochindikala, monga ya kompulesa yopopera matayala. Mgolo kapena chigubu chimafwanyika, ndipo silinda imene munali gasi wophikira musaiboole kapena kuiwotcherera. Kompulesa ya filiji aichotse ndi wodziwa za mafiliji, chifukwa m'mapaipi ake mumakhala gasi ndi mafuta. Ndi pampu yotere, bokosi la masentimita 31 ndi 26 limasenza makilogalamu oposa 600, kotero kuti timizati tinayi tija sitikwanira: ikani tisanu ndi tinayi, ndipo thabwa lapamwamba likhale la mamilimita 16 kapena kuposa.